Masika a kwa eni: zimene timachita ndi ana ku Glasgow masamba akayamba kuyoyoka

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anafika kuno ku Scotland mu May kudzagwira ntchito ya unamwino. Dzina sinditchula, koma anavomera kuti ndiyankhire pano popeza si iye yekha amene wafunsapo zimenezi. Anati:

"Achemwali, tinafika kuno dzuwa likulowa 10 koloko usiku, ana akusangalala. Pano kwayamba kuzizira, mvula tsiku ndi tsiku, ndipo ana anga, wina wa zaka 3 wina wa zaka 6, akungokhalira TV ndi kumenyana. Kusukulu atumiza kalata ya Harvest, ina ya Halloween, ndipo abambo awo akuti za mizukwa pakhomo pawo ayi. Kodi inu mumatani ndi ana anu nyengo ino? Ndalama zambiri tilibe."

Achemwali anga, pepani ndi ulendo, ndipo takulandirani ku chiperoni chimene chimaiwala kusiya.

Ndiyambe ndi kuulula. Chaka changa choyamba kuno ndinachita ndendende zimene mukuchitazo. Ndinatseka mawindo, hita pamwamba, mwana ndamukulunga mabulangete awiri ngati akudwala malungo. M'mutu mwanga munali mawu a mayi anga akuti mwana akavumbwa ndi chibayo basi. Ndinkasuzumira pawindo n'kumaona azimayi a kuno akukankha ana m'mvula, ine n'kumati anthu awa alibe chisoni. Tsiku lina gogo wina woyandikana naye nyumba anagogoda atanyamula timagambuti tofiira timene mdzukulu wake anasiya. Sanalankhule zambiri. Anangoti mukadikira kuti mvula ikate, mwanayu adzatuluka mu April. Ndinaseka, koma gogoyo sankaseka.

Ndiye musanaganize za china chilichonse, pitani ku charity shop, amene ndi kaunjika wa kuno, mukafune magambuti, jekete yosalowa madzi ndi kaovolosi ka mvula kovala pamwamba pa zovala zonse. Ana a kuno amakula zinthu zisanathe, ndiye mumapeza zabwinobwino pa mtengo wa buledi awiri. Mwana akavala zimenezo, chithaphwi chimene inu mukuchilambalala iye ndi nyanja yake. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo muzingowayembekezera pakhomo ndi chidebe.

Nyengo imene akuitcha autumn, kuyambira September mpaka November, ine ndimaitcha masika awo. Ndi nthawi imene amakolola mbatatesi, maapozi ndi maungu. Tchuthi cha sukulu cha pakati pa October, ku madera ena a Scotland amachitchabe tattie holidays, chifukwa kale ana ankatsekera n'cholinga choti akathandize kutola mbatatesi m'minda. Nditamva zimenezo ndinakumbuka ife tikukunkha chimanga m'munda mwa agogo ku Ntcheu akulu akamaliza kukolola, n'kukaphika masanje kuseri kwa nkhokwe. Kusiyana kwake n'kwakuti masika athu a April ndi May amatitengera ku chisanu cha June chokhala ndi dzuwa loti n'kuwothera, pomwe a kuno amakulowetsani mu mdima. Pofika December, 4 koloko masana kumakhala kutada kale. N'chifukwa chake ine masabata ano ndimawaona ngati nthawi yotuta kuwala. Dzuwa likangosuzumira, mbale zidikire, tonse panja.

Choyamba pakhomo pathu ndi mabulosi a m'tchire amene amati brambles. Amapsa kumapeto kwa August mpaka mu September, m'mbali mwa njira zoyenda pansi, m'mphepete mwa ngalande, kulikonse kumene tchire lasiyidwa. Ndi aulere. Malamulo a Scotland, kuyambira ndi lija la 2003, amalola munthu kuyenda pafupifupi paliponse bola asawononge kanthu, ndipo kutchola tizipatso tokadya kunyumba palibe angakuletseni. Ali ndi minga yoopsa, choncho ana avale za manja aatali, ndipo musatchole a m'mbali mwa msewu wa magalimoto kapena a m'munsi kwambiri mofikira agalu. Wamng'ono wanga amapita ndi kabakuli n'kubwera nako kopanda kanthu, pakamwa pali bii, n'kumalumbira kuti sanadye. Achikulire a kuno amati masiku oyambirira a October akadutsa usadyenso brambles chifukwa satana wawalavulira. Zoona zake n'zakuti amakhala atayamba kuola ndi chinyontho. Koma ndinasangalala kumva kuti nawonso ali ndi zoopsezera ana zawo, ngati zija ankatiuza ife zoti ukakhala pa mtondo sudzakwatiwa.

Kenaka pamabwera ma conkers. Izi ndi njere zikuluzikulu za mtengo wa horse chestnut, zofiirira, zonyezimira ngati zapakidwa polishi, zimene zimagwa zili m'chikhokhombe cha minga. Ife timakatola ku Pollok Country Park, kumene kulinso ng'ombe zija za ubweya wautali wophimba maso. Kulowa m'pakimo ndi ulere. Masewera ake enieni amaboola njere, kulowetsa chingwe cha nsapato, ana awiri n'kumasinthana kumenya ya mnzake mpaka ina isweke. Musaone ngati n'zachibwana: ku Northamptonshire akuluakulu a ndevu zawo amachita mpikisano wa dziko lonse wa masewerawa chaka ndi chaka kuyambira 1965. Kwa mwana wa zaka 3 masewerawa ndi ongophwanyitsana zala. Ife tinawasandutsa phada. Ndinajambula bwalo ndi choko pakhonde, ndinaunjika ma conkers pakati, ndinaponya imodzi m'mwamba n'kukokera zinazo kunja, n'kuwakha. Manja anali asanaiwale! Mwana wanga wamkulu anandiyang'ana ngati waona mayi wina, ndipo sabata yotsatira anali akuphunzitsa anzake a m'kalasi.

Apa ndichenjeze kawiri. Ma conkers sadyedwa, ali ndi poizoni, ngakhale amafanana ndi chestnut wina amene amagulitsa m'sitolo wokazinga. Mwana wa zaka 3 muzimuyang'anira, chilichonse chonyezimira chimathera m'kamwa. Chachiwiri ndi bowa. Ndikudziwa mtima wa Mmalawi akaona bowa waphuka pansi pa mtengo. October yense m'nkhalango za kuno mumadzaza bowa, wina wooneka ngati utale weniweni. Musayerekeze. Kuno kuli bowa wotchedwa death cap amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikuchotsa ululu wake. Nzeru za bowa zimene munaphunzira kwa agogo n'za m'nkhalango za kwathu. Ana anga ndinawauza kuti bowa wa kuno timamuonera ndi maso, manja kumbuyo.

Tsopano nkhani ya maungu, imene inandiwawa zaka zingapo ndisanaizolowere.

Mukalowa m'sitolo mu October mupeza maungu ataunjikidwa m'makatoni akuluakulu pakhomo penipeni. Ine chaka choyamba ndinasangalala, ndinagula lalikulu, ndinalidula mapisi, ndinaphika monga timachitira ndi kamchere pang'ono. Linatuluka madzi okhaokha, lopanda ufa, lopanda kukoma, loti kwathu ukanangoponyera nkhumba. Kenaka ndinamva kuti maungu amenewo sawalimira kudya. Amawalimira kusema. Amachotsa zam'kati, kuboola maso ndi mano, kuikamo kandulo, ndipo pa 1 November dzungu lonse lili m'bini. Ndinaganiza za mayi anga amene amasunga dzungu pansi pa bedi mpaka August, ndinasowa chonena. Paja akulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Kuno mwambiwu unandikwanira ndendende, chifukwa chimene ndinapulumutsa pa dzungu loyambalo ndi nthanga zokha.

Lero timachita chonchi. Timagula limodzi losema, laling'ono, kuti ana asamaoneke otsalira. Iwo amajambula nkhope ndi cholembera, mpeni amagwira abambo awo. Ntchito ya ana ndi kupisa manja m'kati n'kukolopola matumbo ake, ndipo wamng'onoyo amakuwa kuti n'zonyansa uku akubwezeranso dzanja momwemo. Nthanga timatsuka, kuyanika pa thireyi pafupi ndi hita, kenaka kukazinga ndi mchere wosungunula m'madzi pang'ono mpaka ziyambe kuthetheka. Zimatha tsiku lomwelo. Dzungu lakudya timagula padera. Butternut ndiye wopezeka paliponse, koma mukaona lotuwa, lobiriwira ngati phulusa, lotchedwa Crown Prince, gulani osafunsa mtengo kawiri. Lili ndi ufa ngati a kwathu.

Kuli minda imene amalipiritsa kuti ana akasankhe okha dzungu, ndi wilibala, n'kujambulitsa. Tinapitako kamodzi. Ana anasangalala, ine ndinathera nthawi yonse kuyang'ana pansi kufuna nkhwani. Masamba anali atauma kale, ena atachita nkhungu yoyera. Mwini munda nditamufunsa ngati ndingabwere mu July kudzatchola nsonga, anandifunsa kuti ndikaweta chiyani. Nditamuuza kuti ndi ndiwo, zotendera ndi nsinjiro, anagwira m'chiuno. Sindikukulimbikitsani kuwononga ndalama kumeneko. Sungani nthanga zingapo zosakazinga, mudzafese m'kachitini pawindo mu April, mudzaokere panja kumapeto kwa May chisanu chikatha. Dzungu mwina silidzakhwima, koma nkhwani mudzadya, ndipo mwana amene anathirira yekha sakana ndiwo zake.

Kalata ya Harvest ija isakuvuteni mutu. Ndi masika a kutchalitchi omwe aja. Mukukumbuka Lamulungu la masika, kutsogolo kwa guwa kutadzaza matumba a chimanga, mtedza, nzimbe, nkhuku yomangidwa miyendo ikulira pakati pa ulaliki? Ndi mwambo womwewo, kungoti kuno ana amanyamula zitini za nyemba, pasta ndi supu, zimene zimapita ku food bank kukathandiza mabanja amene zawavuta. Inde, kuno nakonso kuli anthu ogona ndi njala, musadabwe. Mpatseni wa zaka 6 uja asankhe yekha zitini ziwiri m'sitolo ndipo anyamule yekha. Kwa ife a CCAP zimakhala ngati wakumana ndi m'bale pa depoti, poti mishoni za Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anayambitsa ndi anthu a kuno komwe. Tsiku lina lopanda mvula mudzakwere sitima pa Glasgow Central mupite ku Blantyre wa kuno, ulendo wosakwana theka la ola, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Nyumba imene anabadwiramo ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, pali bwalo losewerera ana, ndipo mitengo yake mu October imachita kuyaka ndi masamba ofiira ndi achikasu. Mwana wanga ataona chikwangwani cha pa siteshoni anafunsa ngati tafika kwa azakhali ake ku Ndirande.

Za Halloween ndiye ndilankhule mosamala, chifukwa abambo a kunyumba kwanuko sakulakwa kuda nkhawa. Kwathu chigoba si chidole. Mawu akuti mfiti si nthabwala, tonse tikudziwa agogo amene anathamangitsidwa m'mudzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mawu amenewo. Ndiye munthu wokulira kumeneko akaona kamwana ka zaka 4 katavala chipewa cha mfiti, kakumwetulira, thupi limachita tsembwe. Abambo a kwathu kuno nawo anali otero. Zaka zitatu zoyambirira pa 31 October tinkazimitsa magetsi a kutsogolo n'kukakhala kukhitchini ngati tili ndi ngongole.

Mwambowu unachokera ku Ireland ndi kuno ku Scotland, ku chikondwerero chakale chotchedwa Samhain chotsekera zokolola ndi kulowa m'nyengo ya mdima, ndipo pambuyo pake unalumikizana ndi usiku wotsogolera tsiku la oyera mtima onse la pa 1 November. Kale sankasema maungu koma muzu waukulu wa mtundu wa tanaposi, wolimba ngati mwala, umene amati neep. Maungu anayambira ku America, kumene anthu osamukira kumeneko anapeza kuti ndi ofewa kusema. Chimene chinandisinthako maganizo n'chakuti ku Scotland ana sangogogoda n'kutambasula dzanja. Amati guising, ndipo mwana amayenera kugwirira ntchito switi yake: aimbe nyimbo, alakatule ndakatulo kapena anene nthabwala. Mwana wanga wamkazi, amene kutchalitchi amabisala kuseri kwa chitenje changa, anaima pakhomo pa gogo wa magambuti uja atavala ngati mkango, n'kuimba kanyimbo ka Chichewa kamene agogo ake anamuphunzitsa pa foni. Gogoyo anamuuza kuti abwereze, n'kuitana mwamuna wake kuti adzamve.

Pakhomo pathu tinagwirizana chonchi: za mfiti, mizukwa, magazi ndi zigaza ayi. Mkango, dokotala, wozimitsa moto, zimenezo inde. Timayenda nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi za anthu amene timawadziwa, 7 koloko tili m'nyumba. Koma sindikunena kuti inunso mutero. Ndili ndi anzanga opemphera bwino amene sachita nawo n'komwe, ndipo ana awo ali bwinobwino. Matchalitchi ena usiku womwewo amakonza phwando la ana lopanda zoopsa limene amati light party. Mukasankha kusachita nawo, musaike dzungu kapena chokongoletsa chilichonse pakhomo, ana ambiri amagogoda pokhapo pamene pali chizindikiro. Aphunzitsi auzeni poyera, sadabwa nazo. Chokhacho chimene ndikupempha n'chakuti mukambirane ndi abambowo ana atagona, mugwirizane chimodzi, ndipo wa zaka 6 uja mumufotokozere tsikulo lisanafike. Zimapweteka mwana kukazionera kusukulu kuti ndi yekha wovala yunifolomu popanda amene anamuuza chifukwa chake.

Pa 15 October musaiwale kuti kumudzi ndi tsiku la anakubala, ngakhale kuno kuli zii chifukwa lawo limakhala mu March. Ife timaimba foni ya vidiyo ana atavala majuzi, agogo awo ali pansi pa mtengo wa mango akudzikupiza ndi mbale, akudandaula kutentha ndi kusosa. Ana amawaonetsa masamba amene atola, agogo amawaonetsa timango tosakhwima. Ndinawauzanso ana kuti anamzeze amene amasonkhana pa mawaya mu September n'kusowa, amauluka mpaka kum'mwera kwa Africa. Kuyambira pamenepo wamng'onoyo amafunsa agogo ake ngati mbalame zake zafika, ndipo agogowo amayankha mosaseka kuti zafika dzulo, zatopa kwambiri.

Lamulungu lomaliza la October mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi. Kusiyana ndi nthawi ya kumudzi kumachoka pa ola limodzi kufika pa awiri, ndiye musamawadzutse anthu usiku. Ana sadziwa za wotchi, adzakudzutsani 5 koloko m'mawa kwa masiku angapo. Ndipo popeza ndinu namwino simufunika kuuzidwa, komabe anamwino ndi amene amadziiwala: dzuwa la kuno kuyambira October mpaka March silikwanira kupanga vitamin D m'thupi, ndipo a zaumoyo amalangiza ma microgram 10 patsiku, ife akhungu lakuda chaka chonse. Anawo ndi inu nomwe.

Masiku amene mvula ikuchita kugwa cham'mbali, Kelvingrove ndi Riverside Museum kulowa ndi ulere, ndipo ku laibulale kumakhala Bookbug, nthawi ya nyimbo ndi nthano ya ana aang'ono, yaulerenso. Mwana wosakwana zaka 5 salipira basi, ndipo wamkuluyo mumutengere khadi la ulere la a zaka 5 mpaka 21.

Kenaka pa 5 November kumaphulika. Ndikuuziranitu kuti musadzagwe pansi ngati ine, chifukwa makombola amayamba masiku angapo tsikulo lisanafike, ndipo munthu ukakhala wachilendo umayesa kwabuka nkhondo. Amakumbukira chaka cha 1605 pamene Guy Fawkes anagwidwa pansi pa Nyumba ya Malamulo ku London ali ndi migolo 36 ya wonga, akufuna kuphulitsa Mfumu James pamodzi ndi aphungu. Kuyambira pamenepo amasonkha moto waukulu ndi kuphulitsa makombola. Wa zaka 3 uja phokoso likhoza kumuopsa, ndipo timitengo tothetheka moto tija amati sparklers sapatsa mwana wosakwana zaka 5, timatentha kuposa mmene timaonekera. Ife sitipita m'chigulu. Timayatsa mbaula kuseri kwa nyumba, panja, osati m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wa makala umapha mwakachetechete m'nyumba zotsekeka ngati za kunozi. Timaotcha mbatata ndi chimanga chotsekemera cha m'sitolo chimene sichifika pa mondokwa koma timangopirira, n'kumaonerera makombola a anthu ena aulere pamwamba pa madenga.

Pa mbaula pomwepo ndi pamene nthano zinabwerera m'banja mwathu. Kwathu nthano sakamba masana, amati umera nyanga, ndipo m'chilimwe cha kuno usiku umachedwa mpaka ana atagona. Mdima wa November ndiye unatibwezera mpata. Abambo awo anangoyamba kuti "Padangokhala," ine ndinayankha kuti "Tili tonse," ana anatiyang'ana modabwa. Pano Lachisanu lililonse kukada timazimitsa TV, kuyatsa kandulo imodzi, ndipo amalimbirana woyambitsa. Sabata yatha inali nthawi ya wamng'onoyo. Kalulu wake anakwera basi ya nambala 57, anabera Fisi ma conkers onse, n'kukabisala m'dzungu. Pakati pa nthano Chichewa chinamuthera, anapitiriza m'Chingerezi cha ku Glasgow chimene ngakhale ine ndimachimva mwa apo ndi apo, koma aliyense akachedwa kuvomera ankaima n'kulamula kuti, "Nenani tili tonse!"

Mukatola ma conkers, muzipisa m'matumba a majekete musanachape. Makina athu ochapira anatafunapo asanu ndi awiri, ndipo amene anabwera kudzakonza anangowayala patebulo mmodzimmodzi osanena kanthu.